Thalauzi Limene Anachapa Amuna Anga

Amuna anga sachapa. Ndiyambe ndi zimenezi, chifukwa nkhani yonseyi yagona pamenepo. Chikwatirane chathu sindinawaonepo atagwira sopo pa chifukwa china kupatula kusamba, ndipo nakonso kusambako amachita kukumbutsidwa madzi atazizira kale. Ndi munthu wabwino ndithu, samenya, samwa zogona nazo m'ngalande, ntchito yawo yowotcherera zitsulo amaigwira ndi mtima wonse. Koma zochapa ayi. Ine ndikadwala, zovala zimadwala nane limodzi.

Ababa, bambo anga ondibereka, anabwera kudzakhala nafe ku Zingwangwa namondwe wa Freddy atagumula nyumba yawo ku Manje. Anapulumuka ndi kolona m'khosi ndi jekete la kuntchito basi. Amayi anali atatisiya kale, azichimwene anga onse ali ku Joni, ndiye kunalibe kwina kolowera. Ine ndinkaona ngati ndi nkhani yaing'ono: bambo anga alibe pogona, ine ndili ndi chipinda. Pambuyo pake ndinauzidwa kuti kumeneko ndi kuganiza kwa munthu wokulira m'tauni.

Ababa kwawo ndi ku Nsanje. Kwathuko mwamuna amalowola n'kutenga mkazi kupita naye kwawo, ndipo bambo wa mkaziyo akapita kukacheza amakhala pampando wa alendo, kumwa tiyi, n'kutsanzika dzuwa lisanapendeke. Kugona m'nyumba ya mkamwini, kudya ufa wa mkamwini, kusamba m'bafa la mkamwini, kwa iwo kunali ngati kuyenda opanda malaya pakati pa msika. Amuna anga nawonso kwawo ndi ku Phalombe, agogo awo anachita kuoloka kuchokera ku Mozambiki, ndipo analeredwa kuti mpongozi sayang'anidwa m'maso, satsutsidwa, ndipo akanena kuti kunja kukugwa mvula dzuwa likuswa mtengo, iwe uyambe kufunafuna ambulera. Ndiye tangoganizani anthu awiri amenewa m'nyumba ya zipinda ziwiri, khomo limodzi, chimbudzi chimodzi.

Akakumana pakhomo, ankayamba ndi amuna anga.

"Zikomo, Ababa, dutsani."

"Ayi, akamwini, nyumba ndi yanu. Yambani ndinu."

"Ayi ndithu, Ababa."

"Zikomo, zikomo."

Onse awiri akuwomba m'manja, onse awiri akubwerera chammbuyo, chitseko chili pululu, udzudzu wa Zingwangwa yense ukulowa popanda odi. Ababa akafuna kupita kuseri ankadikira kuti mkamwini achoke kaye. Mkamwini akaona kuti Ababa ayamba kuyang'anayang'ana kuchimbudzi, ankakumbukira mwadzidzidzi kuti foni yawo yatha mayunitsi. Mayi wogulitsa mayunitsi pamsewu paja anakhoma malata chaka chimenecho.

Manyazi odya zamwini ankawasowetsa mtendere Ababa. Mkati mwa sabata ankalondera pageti la kampani ina ku Limbe, koma Loweruka akakhala pakhomo manja ankawayabwa. Anakonza mpando umene sunathyoke. Anasesa pabwalo mpaka mizu ya mtengo wa mapeyala inatulukira. Kenako anayamba kuyang'anitsitsa denga, poti lata limodzi la kukhitchini linkadontha. Ndinawaletsa poyera.

"Ababa, musakwere pamenepo. Mkamwini wanu ndi wazitsulo, akonza."

"Ndamva, mwananga."

Amene amawadziwa Ababa akudziwa kuti "ndamva" wawo amangotanthauza kuti makutu agwira ntchito yawo.

Loweruka lina ndinalawirira ku Limbe kukaoda belo la kaunjika, poti ndiye geni yanga. Chakumasana, ndikulimbana ndi onyamula katundu, foni inalira. Anali amuna anga.

"Mayi, musadandaule. Ababa anapunthwa pang'ono pakhonde, anadzipweteka chakumutuku. Tinapita kuchipatala, tabwerako. Adokotala ati palibe vuto."

"Awajambula?"

"Ayi, ati sipakufunika."

"Nanga awapanga chiyani?"

"Anawafunsa mafunso."

Mafunso! Ndinapsa mtima pomwepo. Munthu wamkulu wamenyetsa mutu pansi, walipira thiransipoti, wakhala pabenchi mpaka matako kuchita dzanzi, kuti akafunsidwe mafunso ngati ali pakalasi ya katekisimu? Ndinakwera minibasi ndikulalata, ndipo minibasi yonse inandilandira nkhaniyo ndi manja awiri. Kwathu kuno munthu akapita kuchipatala n'kubwerako osabayidwa jakisoni, osajambulidwa, ndiye kuti sanathandizidwe, wangopita kukaonetsa nkhope. Mayi wina wa dengu la tomato anati mwana wake atabinya phazi pampira, dokotala anangomudinadina pakakolo n'kumuuza kuti taponda, tayenda ukafike apo, basi n'kumubweza.

"Nanga phazilo?" anafunsa wina kumbuyo.

"Linapola lokha," anatero mayiyo, "koma nkhani si imeneyo."

Bambo wina wa tayi anati madokotala a masiku ano amaphunzirira pafoni. Kondakitala anati makina ojambulira alipo, koma amasungira mabwana ndi azibale awo. Aliyense m'minibasi muja anali ndi digiri ya udokotala, ngakhale amene ankavutika kuwerenga chenji. Tisanafike ku Chitawira tinali titamuzenga mlandu dokotala uja, kumupeza wolakwa, n'kumuchotsa ntchito.

Nditafika kunyumba, chinthu choyamba kuchiona chinali chingwe choyanikapo zovala. Panali thalauzi la khaki la Ababa, likudontha madzi. Pambali pake malaya awo, ndipo pansi pa malayawo panabisika kabudula wamkati. Ababa amachapa okha zovala zawo, koma amachapa mbandakucha, kufinya bwinobwino, n'kuyanika mwadongosolo ngati asilikali. Izi zinangoponyedwa pachingwe zosafinya, sopo ali mbuu m'mawondo. Ndinayang'ana kumbali. M'mbali mwa khoma la khitchini munali mutawazidwa phulusa ndi kuseseredwa. Makwerero anali atagonekedwa kuseri kwa chimbudzi, phaso limodzi litathyoka. Nditakweza maso ndinaona hamala ili phee padenga.

Amuna anga anali pakhonde, manja atawabisa pakati pa mawondo.

"Ababa ali kuti?"

"Akupumula. Ati tisawadzutse."

Ndinasuzumira kuchipinda. Anali atagona chammbali, pulasitala pamwamba pa khutu, akuliza mkonono. Ndinabwerera pakhonde.

"Wachapa ndani?"

"Ndine."

"Inu?"

"Nanga munthu osathandizako ntchito zapakhomo?"

"Tandionetsani manja."

Anali atayera mbee, zala zitakwinyika. Ndinadziwiratu kuti zinthu sizili bwino, chifukwa chinthu chimene chingawachititse amuna anga kugwira sopo ndi beseni si chaching'ono. Ndinakhala pansi patsogolo pawo.

"Bambo inu, khonde lathu ndi ili mwakhalapoli. Ngakhale nkhuku singathyoke mwendo pamenepa. Hamala ija yakwera yokha padenga? Ndiuzeni zonse, apo ayi ndikuwa kuti Zingwangwa yense abwere adzakufunseni."

Anayamba kuzemba, kukanda m'mutu, kuyang'ana kumsewu ngati kukubwera wina wodzawapulumutsa. Kenako zinatuluka, pang'onopang'ono ngati munthu wolipira chindapusa.

Anati m'mawa uja anabwerera kunyumba kudzatenga chitsulo china chimene anaiwala. Akulowa pampanda anangomva khuu! kuseri. Anawapeza Ababa ali thasa pansi, maso atatembenuzika, makwerero ali pamwamba pawo. Anawaitana, zii. Anawagwedeza, zii. Thalauzi linali litanyowa, ndipo sanali madzi a mvula. Anathamangira ndowa n'kuwathira madzi kumaso. Patapita kanthawi Ababa anatsegula maso, kufunsa kuti kuno n'kuti, n'kusanza m'mbali mwa khoma. Atawakhazika tsonga anasanzanso. Amuna anga anawathandiza kusintha zovala, nkhope atalozetsa kumwamba ngati akuwerenga mitambo. Ndipo nzeru zitabwerera, mawu oyamba a Ababa sanali akuti mutu ukupweteka kapena itanani mwana wanga.

"Akamwini, zimene mwaonazi simunaone."

"Sindinaone kanthu, Ababa."

Pangano linatha pomwepo, ndiye ananyamukira kuchipatala.

"Tsono kuchipatalako?" ndinafunsa. "Munene mmene zinayendera, musadumphe ngakhale liwu limodzi."

Anati anawalandira ndi dokotala wachitsikana, wamng'ono kwa ine, wa tsitsi lometa. Anawatsuka bala, n'kukhala pansi kuyamba mafunso ake aja.

"Bambo, mwagwa kuchokera pati?"

"Ndangopunthwa pakhonde, mwana wanga."

"Munakomoka?"

"Ine? Chibadwire sindinakomokepo."

"Mwasanza?"

"Ayi."

"Mukukumbukira zonse, musanagwe ndi mutagwa?"

"Zonse, mwana wanga."

"Muli ndi zaka zingati?"

Apa ndiyenera kufotokoza. Ababa ali ndi zaka zamitundu iwiri. Pali zaka za ubatizo, zimene amazidziwa ndi Mulungu ndi ansembe a ku Nsanje. Ndiye pali zaka za kuntchito, zimene anazidula kalekale kuti asapumitsidwe msanga. Theka la alonda a mu Limbe ali choncho, musawaone imvi. Ine ndikukula, ana anga akukula, koma Ababa anaima malo amodzi ngati wotchi yakufa. Mukawerengera zaka za kuntchitozo, achimwene anga oyamba anabadwa Ababa ali sitandade folo. Ndipo munthu aliyense wovala yunifomu akawafunsa, kaya wapolisi, kaya nesi, kaya wowerenga mita ya madzi, zimene zimatuluka ndi za kuntchito. Dokotala uja anapatsidwa zimenezo.

Amuna anga anati dokotalayo sanangolemba n'kuwathamangitsa. Anawaunika m'maso ndi tochi, kuyang'ana kuseri kwa makutu, kuwauza kuti amufinye zala ndi manja onse awiri, kuwafunsa tsiku ndi malo, kuwayendetsa kukafika pakhomo ndi kubwerera. Ababa anayenda ngati akupita kukalandira ukalistia, chifuwa patsogolo. Kenako dokotala anatembenukira kwa amuna anga.

"Inu munalipo?"

"Ndinalipo."

"Zili monga anenera bambowa? Sanakomoke? Sanasanze?"

"Monga anenera Ababa."

"Ndinu mwana wawo?"

"Ndine mkamwini."

Akuti apa dokotala anawayang'ana nthawi yaitali. Anafotokoza kuti mafunsowo si ongocheza. Anati mutu ukhoza kuoneka bwinobwino kunja magazi akutayikira mkati, ndipo anthu amene anaona mitu yambirimbiri yovulala anapeza zizindikiro zimene zimalozera kumeneko: kugwa kuchokera pamwamba, kukomoka, kusanza mobwereza, kuiwala, ukalamba. Pakapezeka "eya" pa zimenezi, munthu amapita ku makina a sikani. Zikakhala "ayi" zokhazokha, ndipo thupi likuyankha bwino, amapita kunyumba kuti makinawo athandize amene ali pangozi. Anafunsanso kachiwiri, maso ali pa amuna anga.

"Ndiye munati chiyani?" ndinafunsa.

"Ndinati monga anenera Ababa."

"Mayo ine! Mtsikana wa eni wakuuzani kuti akufuna 'eya' mmodzi yekha, inu muli nawo odzaza thumba, n'kubwerera nawo kunyumba kudzawachapa ndi sopo?"

"Nanga ndikanatani, Mayi? Ndinene kuti Ababa akunama? Iwo ali pomwepo? Ndiuze mwana wamng'ono ngati uja kuti apongozi anga anadzinyowetsa?" Anapukusa mutu. "Ine sindinaleredwe choncho."

"Manyazi anapha lambe, bambo inu! Tsono anakuuzani kuti mutani mukafika kuno?"

"Anati tiziwayang'anira pafupipafupi. Akayamba kusanza, kugona kwambiri, kuyankhula zosamveka, kapena mbali imodzi kufooka, tibwerere mothamanga."

"Ndiye mwawayang'ana kangati?"

Anaweramitsa mutu. "Ndingalowe bwanji m'chipinda apongozi akugona?"

Ndinalowa kuchipinda kuja popanda odi, koyamba chibwerere Ababa m'nyumba mwathu. Ndinawagwedeza paphewa. Mkonono uja sunali wa tulo, unali wolemera, wokoka. Pilo anali atanyowa ndi masanzi. Ndinawaitana mokuwa, Ababa! Ababa! Anatsegula diso limodzi pang'ono n'kuyamba kuyankhula Chisena, chimene sankachiyankhula m'nyumba ya mkamwini. Ankandiyesa amayi anga. Ankafunsa ngati ndamasula mbuzi, poti madzi a Shire akubwera. Ndinanyamula mkono wawo wamanzere n'kuusiya, unangogwa ngati nsanza yonyowa. Ndinachita mantha amene sindinawamvepo, ngakhale tsiku limene tinkawafunafuna m'matope ku Manje. Ndinaona kuti bambo anga akufa, ndipo akufera m'nyumba mwanga, ine ndikukangana za thalauzi pakhonde.

Kukuwa kumene ndinawaopseza nako amuna anga kuja ndinakuwadi. Neba wathu wa takisi anali atangofika kudzadya, anasiya mbale n'kuliza galimoto, koma galimoto sifika pakhomo pathu chifukwa cha ngalande. Amuna anga, omwe aja osalowa m'chipinda cha apongozi, analowa ndi nsapato, kuwabereka Ababa kumsana ngati mwana, n'kutsika nawo kanjira konse mpaka kumsewu. Azimayi a pampopi anasiya zidebe zikusefukira. Anyamata a pabawo anaimirira. Chinsinsi chija chinayenda pakati pa Zingwangwa masanasana, miyendo ikulendewera, malovu akutsikira pakhosi pa mkamwini.

Kuchipatala tinapeza dokotala yemwe uja asanaweruke, amene ife akatswiri a m'minibasi tinali titamuchotsa ntchito. Atangowaona Ababa pakabedi kamatayala anawazindikira. Sanakalipe. Anawaunika m'maso, kuwatsina pachala, kuitana anzake, manja akugwira ntchito pakamwa pakufunsa.

"Anagwa kuchokera pati?"

"Padenga," ndinayankha ine.

"Anakomoka?"

"Eya. Mpaka kudzinyowetsa."

"Kusanza?"

"Kawiri asanabwere kuno, ndiye kwinaku pabedi."

"Zaka?"

Ndinatchula za ubatizo. Anakweza maso.

"M'mawa anali aang'ono kuposa pamenepa."

"Akalamba masana omwe ano, adokotala."

Amuna anga anali kumbuyo kwanga akugwedeza mutu, kuvomereza chilichonse, mpaka kuwonjezera kuti makwerero anali aatali kufika apa. Ndinawayang'ana ndi diso loti kunena zoona apongozi ali chikomokere si chamuna. Dokotala anawayang'ananso, koma iye mwachisoni.

"Akamwini, aja sanali mayeso oti bambowa akhoze. Ine ndilibe maso oona mkati mwa chibade. Makina ndi amodzi, kunjaku kwadzaza anthu a ngozi za kabaza ndi minibasi. Mafunso aja ndi amene amandiuza kuti ndithamange ndi ndani. M'mawa munandiuza kuti ndisathamange."

Anatero akukankha kale kabedi kaja.

Makina aja, amene ndinkawalirira m'minibasi ngati ndi mankhwala, anangoonetsa zimene amuna anga ankazidziwa chiyambire m'mawa. Magazi anali atadzikundikira pakati pa chibade ndi ubongo, akukankha. Madzulo omwewo anawalowetsa ku opaleshoni kukaboola chibade kuti magaziwo atuluke. Ife tinatsala pabenchi. Amuna anga anagwira kolona ya Ababa, imene nesi anativulira, n'kumaipotokola m'manja, poti iwo ndi a mpingo wina, sadziwa poyambira. Ndinkafuna kuwatukwana mpaka mtundu wawo wonse wa ku Phalombe, koma nditawaona akulira mwakachetechete, mamina ali chuchuchu, ndinangowalanda kolonayo kuti asaidule.

Ababa sanafe. Ndimathokoza Mulungu ndi manja a ana a eni aja. Koma anatuluka m'chipatala mkono wamanzere uli lende, mwendo ukukokedwa. Ndinamufunsa dokotala uja tsiku lina pakhonde la wodi ngati mkonowo ukanapulumuka akanajambulidwa m'mawa. Anati sangalumbire, koma magazi sakanapatsidwa tsiku lonse loti adzikundikire. Ntchito ya pageti, imene anaidulira zaka ija, inathera pomwepo. Kampani sinafunse n'komwe kuti anabadwa liti.

Tsopano panabuka funso: awasambitse ndani? Mwana wamkazi sasambitsa bambo ake, pamenepo ngakhale ine wokulira m'tauni sindikanatha. Azichimwene anga a ku Joni ankatumiza pafoni mavoisi a mapemphero aatali ngati ulaliki wa pamaliro, koma mavoisi sagwira chinkhupule. Anatsala munthu mmodzi yekha. M'mawa uliwonse amuna anga amatenga ndowa ya madzi ofunda, kukhazika mpando m'bafa, n'kukawatenga Ababa kuchipinda. Ine ndikamakoleza mbaula ndimamva kuseri kwa malata.

"Zikomo, Ababa, ndikweze mkonowu."

"Zikomo, akamwini."

"Zikomo, tiweramire kutsogolo."

Zimene ankabisirana kwa tsiku limodzi zija, tsopano amazionana tsiku lililonse, ndipo Lamlungu kawiri, poti Ababa sangapite ku Misa osasambanso. Amuna anga anaphunzira kufinya thalauzi. Zovala zanga ndi za ana sanazigwirebe mpaka lero, ati zimenezo ndi nkhani ina.

Chimene chinandiwawa kwambiri ndi azibambo a kumphakati wa kutchalitchi kwa Ababa, atabwera kudzawazonda. Nkhani yonse anali ataimva kale, poti ku Zingwangwa nkhani imayenda yokha. Atapemphera, mkulu wina wa ndevu zoyera anawagwira chanza amuna anga n'kunena kuti masiku ano akamwini otere kulibe, mwana wamwambo, wodziwa kusunga ulemu wa apongozi ngakhale pamaso pa madokotala. Onse anavomera, eya, eya, zoona. Ma "eya" amene ankasowa kuchipatala aja anadzaza pabalaza langa. Ine ndinali nditanyamula thireyi ya tiyi, ndipo ndi chisomo chokha kuti tiyiyo anathera m'makapu. Ndinangoti, "Ulemu umenewo ukanakoma kwambiri pamaliro, bwenzi lero mukudya nyemba kuseriku." Ababa anatsokomola. Amuna anga sanamwetulire ndi chiyamikiro chija, anangoyang'ana mkono wa Ababa uli pamwendo, n'kutuluka panja.

Patapita miyezi tinapita nawo kuchipatala kuti akawaonenso. Tinalowa atatu, ndipo anali dokotala yemwe uja. Anawapatsa moni Ababa, kuyang'ana chipsera, kuwauza kuti amufinye zala. Kenako anakhala pansi, ine n'kudziwiratu kuti katekisimu wayamba.

"Mutu ukupweteka?"

"Ayi, mwana wanga."

"Chizungulire?"

"Ayi."

"Chitulukire muno, mwagwapo?"

"Ayi, mwana wanga. Ndikuyenda bwinobwino."

Ine ndinatsegula pakamwa kuti ndivomereze, chifukwa sindinkadziwa za kugwa kulikonse. Koma dokotala sankayang'ana ine. Amuna anga anali ataima pakona, chipewa chili m'manja, maso pansi, thukuta likuyenderera m'khosi ngati ali pamoto wowotcherera.

"Anagwa, adokotala."

Mawuwo anatuluka ang'onoang'ono, ndiye anawabwereza mokweza.

"Anagwa Lachitatu, kubafa. Anati akumva chizungulire, n'kuterereka. Anamenyetsa phewa, mutu ayi. Sanakomoke, sanasanze. Ndinawadzutsa ndine."

Ababa anayang'ana khoma ngati pali cholembedwa. Dokotala sananene kanthu za bodzalo. Anawapima phewa, kuwayeza kuthamanga kwa magazi atagona ndi ataimirira, n'kupeza kuti mankhwala ena amene ankamwa ndi amene ankawachititsa chizungulire. Anawasinthira, n'kutiuza kuti tiike chogwirira m'bafa. Amuna anga anati chimenecho awotcherera okha mawa lomwe.

Tinatuluka Ababa ali patsogolo. Anadutsa khonde lonse lachipatala akukoka mwendo, ndodo ikugogoda, nkhope ili gwa. Amuna anga ankatsatira kumbuyo ngati galu wakuba mazira. Titafika pamasitepe otsikira kumsewu, Ababa anaima n'kundiyang'ana ine, n'kuyankhula mokweza ngati mkamwiniyo ali ku Phalombe.

"Mwananga, mwamuna wakoyu alibe mwambo."

"Ndamva, Ababa."

Ndinawapatsa mkono wanga kuti atsike. Anaukankhira kumbali ndi ndodo, n'kutambasula dzanja lawo labwino lija chakumbuyo, osacheuka. Wopanda mwamboyo anathamanga kudzaligwira, ndipo anatsika limodzi pang'onopang'ono, ine ndikubwera pambuyo ndi chikwama cha mankhwala.